Mzele Umene Unakana Kuzima

"Munali wa mawailesi, mukanangokhala wa mawailesi!"

Amene anakuwa chonchi ndi alamu anga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, mphunzitsi wa makompyuta pasukulu ina ya ku Chikomeni. Anakuwa pamaso pa ahedi ndi pamaso pa ana a giledi naini amene anali atadzaza pamawindo. M'dzanja anali atakweza fulashi, akuigwedeza ngati umboni kukhoti. Linali Lachisanu masana. Lolemba ana aja anali ndi mayeso a pakompyuta, ndipo lamulo linali lakuti mwana aliyense asunge nchito yake pafulashi, aphunzitsi apite nayo kupulinta ya mu ofesi. Makompyuta onse khumi ndi awili a m'chipinda chija ndinawakonza ndine, ndipo panalibe ngakhale imodzi imene inali kuona fulashi.

"Iwe," ndinatelo, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha, chifukwa kuyambila pamene anakwatila mlongo wanga ndinali ndisanawanenepo iwe. "Makina awa atangobwela, munthu unali kutha kuphika nyemba asanayake. Unali kuti ndi pepala lako la kukoleji?"

"Anali kuchedwa, koma fulashi anali kuiona."

"Fulashi yakoyo ndi ya pamsika, yabodza."

"Tayesa zisanu ndi imodzi, alamu. Ina ndi ya ahedi. Ya ahedi nayonso ndi yabodza?"

Ahedi anali munthu wa imvi, wosakweza mawu. Anaika dzanja pakati pathu. "Lekani viwawa, adada, ana akumva." Kenako anayang'ana ine. "Mawa dzuwa likafika pamutu makina asanakhale bwino, ndiimbila munthu wa ku Chipata. Afafanize zonse zimene munaikamo, aike zake, ndipo chipinda chino azichisamala ndiye."

Ndinanyamula chikwama changa osatsanzika. Njinga yamoto inakana kulila kawili, ana akuseka, ndipo ndinatuluka pageti ndili ndi mawu ena m'kamwa amene sindilemba pano.

Za mawailesi alamu sananame. Nditamaliza giledi thwelofu ndinakhala pakhonde la sitolo ina pa boma ku Lundazi ndi chitsulo chowotchelela, kukonza mawailesi a alimi obwela kumsika. Mawailesi atatha ndinalowa m'mafoni, kenako m'makompyuta. Palibe amene anandiphunzitsa. Ndinali kuwelenga pafoni mpaka bandulo itatha, kuononga, kukonza, kuononganso. Shopu yanga ndi kachipinda kamodzi kuseli kwa msika, koma a m'maofesi makina awo akafa amabwela kwa ine, ena ndi madigili awo m'thumba.

Makompyuta a kusukulu kuja anali opelekedwa mwaulele, otayidwa ndi ofesi ina, okalamba, a madisiki olumikizidwa ndi lamba wotambalala. Alamu ndiwo anauza ahedi kuti, "Pali mlamu wanga pa boma, adziwa." Anawabweletsa palole ya fodya, fumbi lokhalokha, khumi ndi atatu. Imodzi inali yowonongeka bokosi, ndinaisunga mushopu kuti ndizichotsako zipangizo.

Vuto la makina aja linali memole yochepa. Ndinaganiza zowamangila kenelo yawoyawo. Kenelo ndiyo phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ndiyo ilankhula ndi disiki, kiyibodi, waya wa netiweki, chilichonse cholumikizidwa. Imene umaipeza yopangidwa kale imanyamula katundu wa makina a mtundu uliwonse, ngati wa njinga amene wamanga matumba a mudzi wonse pakaliyala. Koma ukhoza kumanga yako. Pali menyu ya buluu yokhala ndi mizele yosawelengeka, mzele uliwonse ndi chinthu chimodzi chimene kenelo itha kuchita. Ukadina Y, m'kabokosi ka mzelewo mumalowa nyenyezi, ndiye kuti chinthucho chilowa. Ukadina N nyenyezi imachoka. Ukamaliza umasiya kompyuta ikumanga kwa maola, ukupemphela kuti magetsi asazime.

Masiku atatu ndinakhala ndikudina N. Ndinali kusangalala ngati munthu wopalila munda. Makadi a wailesi yakanema, N. Zida za m'ndege ndi za m'zombo, N. Mitundu ya netiweki imene ku Lundazi sidzafika ndili moyo, N.

Ndiye ndinafika pamzele wolembedwa SCSI. Ndinali kuidziwa SCSI. Ndi mtundu wa madisiki odula a m'makina akuluakulu a m'mabanki ndi m'makampani. Ku Chikomeni, kumene magetsi ake ndi a sola, SCSI ikafuneko chiyani? Ndinadina N. Nyenyezi sinachoke. Ndinadinanso. Ndinayang'anitsitsa ndipo ndinaona kuti nyenyezi ya mzele uwu sinali m'kabokosi ngati zinzake, inali pakati pa timizele tiwili, ngati chitseko chopilingidwa. Menyu inali kukana.

Ine chinthu chikandikana mutu umatentha. Akazi anga amati ndikanakhala ng'ombe akanandigulitsa kalekale. Ndinatsegula tsamba la thandizo la mzele uja, osati kuti ndiphunzile, koma kuti ndipeze amene waugwila. Mawu anali ambili. Ndinalumpha onse mpaka pansi, pamene pamalembedwa mzele umene wasankha unzake. Ndinamupeza: dilaiva watsopano wa madisiki, kapulogalamu ka m'kenelo kolankhula nawo. Iye ukamuyatsa amakoka SCSI n'kuikhoma kuti usaizimitse. Ndinati chabwino, tione wamkulu ndani. Madisiki a lamba anali ndi dilaiva wawo wakale, amene masiku amenewo anali akadali m'menyu ndipo sanali kukoka kanthu. Ndinazimitsa watsopano, ndinayatsa wakale, ndinabwelela pa SCSI. Timizele tija tinali titachoka. Ndinadina N ndi chala chonse, nyenyezi inagwa, ndipo ndinatuluka kukagula chimanga chowotcha ngati munthu wopambana mlandu.

Makina anayamba kuyaka msanga, ichi palibe angatsutse. Ndinakopela disiki imodzi kumadisiki onse. Ndipo poti ndinali kunyada, kenelo yakale ija ndinaifafaniza m'makina onse, kuti wina asaisankhe molakwitsa n'kunena kuti nchito yanga ndi yochedwa. Ahedi anandigwila chanza ndi manja awili. Alamu anapha nkhuku.

Miyezi iwili inapita popanda dandaulo, ndipo apa mlandu ndiwapatsa alamu mpaka lelo. Iwo anali ataletsa mafulashi m'chipinda chija. Analemba chikwangwani pakhomo, kuopa mavailasi, ngakhale ndinawauza kuti mavailasi a m'mafulashi a pamsika sagwila pulogalamu imene ndinaikamo. Akanalola mwana mmodzi yekha kubaya fulashi ya nyimbo, vuto likanaoneka sabata yoyamba, nthawi ilipo. Koma iwo anatulutsa mafulashi m'kabati Lachitatu, kutatsala masiku asanu.

Anandiimbila ndili ndi foni ya munthu m'manja, yotsegula.

"Alamu, makina saona fulashi."

"Mwabaya bwino?"

"Ndine mphunzitsi wa makompyuta."

"Sindinafunse nchito yanu, ndafunsa ngati mwabaya bwino."

Anadula. Ndinatsegula menyu ija pakompyuta ya mushopu, ndinapita kugawo la USB, kumene kumakhala mzele wa mafulashi. Panalibe. Sindikunena kuti unali wozima ayi, unalibe ndithu. Wa mapulinta unalipo, wa makiyibodi unalipo, pamene panayenela kukhala wa mafulashi mizele inangolumikizana ngati sipanakhalepo kanthu. Ndinakwela, ndinatsika, ndinatuluka, ndinalowanso. Ndinatukwana amene anapanga menyuyo pamodzi ndi makolo awo.

Munthu wofatsa akanafunsa kuti mzele umasowa bwanji. Ine ndinati menyu yapenga, ndiilambalala. Zonse zimene umasankha m'menyu zimasungidwa m'fayilo imodzi ya mawu wamba, imene ukhoza kuitsegula n'kulembamo ndi dzanja. Dzina la mzele wa mafulashi ndinali kulidziwa pamtima. Ndinalilemba pansi penipeni, ndinaika y patsogolo pake, ndinasunga, ndinayambitsa kumanga. Lachinayi magetsi anazima pakati, ndinayambilanso. Lachisanu m'mawa kenelo inatuluka popanda kudandaula kulikonse. Ndinaiwotchela pa CD. Kompyuta ya khumi ndi chitatu ija inali pansi pa tebulo, mapazi anga akuigunda, ndipo kuyesa kukanatenga mphindi khumi. Sindinayese. Ndinali nditalemba y ndi dzanja langa, ndiyesenso chiyani?

Ndiye ndinakafika kusukulu monyada, ndinauza alamu kuti aitane ahedi adzaone. M'makina khumi ndi awili, atatu okha ndiwo anali ndi ma CD oyenda, ndiko kuti zowelengela CD zogwila nchito, ena fumbi linawapha kale. Ndinasankha imodzi mwa atatuwo, ndinaikamo kenelo yatsopano, ndinayatsa, ndinatenga fulashi ya alamu ndi kuibaya ndekha. Kanyali kake kanayaka kamodzi n'kuzima. Pagalasi sipanaoneke kanthu. Ndipamene alamu anakuwa za mawailesi.

Msewu wochokela ku Chikomeni ndinauyenda ndikukangana ndi alamu m'mutu. Ndinawakumbutsa kuti tsiku la ukwati wawo jekete anavala langa. Ndinawakumbutsa kuti akuphunzitsa makompyuta koma sanatsegulepo bokosi la kompyuta, amaopa sikulu ngati njoka. Pafupi ndi boma ndinatsala pang'ono kugunda mbuzi, ndipo nayonso ndinaitukwana.

Ndinafika kushopu dzuwa likadalipo. Mayi wina anali kudikila foni yake pakhomo, ndinamuuza kuti abwele Lolemba, ndinatseka chitseko. Choyamba ndinatsegula fayilo ija kuti ndione y wanga. Ndinafika pansi. Panalibe. Mzele umene ndinalemba ndi dzanja langa unali utachotsedwa. Ndinayamba kuganiza za anthu, kuti ndani analowa mushopu, koma kiyi ndi imodzi ndipo imagona m'thumba langa. Anachotsa ndi makina omangila omwewo. Asanayambe kumanga amawelenga fayilo yonse, ndipo mzele uliwonse umene ulibe poimila amautaya, osafunsa, osakuuza. Ndinapita ku Chikomeni ndi kenelo yanga yomweyo yosaona fulashi, yongomangidwanso, n'kuitanitsa ahedi kuti adzaione.

Apo ndinakhala pansi. M'menyu muja muli njila yofufuzila, umadina kamzele kopendekela n'kulemba dzina la chimene ukufuna, ndipo imakuonetsa ngakhale zobisika. Ndinali kuidziwa kalekale, koma Lachitatu ukali sunandilole. Ndinalemba dzina la mzele wa mafulashi. Yankho linabwela lalifupi. Mzelewu umadalila zinthu ziwili. Choyamba USB, ndipo pambali pake panali y. Chachiwili SCSI, ndipo pambali pake panali n.

Ndinayang'ana n ameneyo nthawi yaitali. Anali wanga. Ndinamumenyela nkhondo tsiku lathunthu, ndinagula ndi chimanga chomwe.

Ndinabwelela kutsamba la thandizo lija ndinalumpha, ndipo ulendo uno ndinawelenga kuchokela pamwamba. Zinalembedwa poyela, m'Chingelezi chimene mwana wa giledi seveni angamve, kuti SCSI si madisiki a m'mabanki okha. Ndi chilankhulo chimene zida zina zambili zimalankhula, ndipo pakati pa zida zotchulidwazo panali zosungila za USB. Fulashi ya pamsika wa Lundazi, ya ahedi, ya nyimbo, zonse zimalankhula SCSI. Menyu sinapenge. Ili ndi makhalidwe awili, ndipo onse awili ndinawaona ndi maso anga osawamva. Mzele wina umakoka unzake n'kuukhoma, monga anachitila dilaiva watsopano uja. Mzele wina umatsamila pa unzake, ndipo ukachotsa chotsamilacho sufuula, umangosowa. Alimi a fodya amadziwa kuti m'chigafa suzula mphanda chifukwa choti payokha sipapachikidwa fodya. Ine ndinazula, denga linatsika mbali ina kumene sindinali kuyang'ana.

Sindikuti opanga menyuyo alibe mlandu. Chinthu chochotsa zimene munthu walemba chiyenela kumugwila pamkono n'kumuuza. Mwina chinalemba penapake m'mawu othamanga aja amene amadutsa pagalasi, sindidziwa, ndinali kukonza foni. Koma ngakhale ndikanafuna kuwatukwana, ali kutali, sandimva. Amene anali pafupi ndi ine ndi alamu.

Ndinadina Y pa SCSI, ndi pakamzele ka madisiki ake kamene kali pansi pake. Ndinapita ku USB. Mzele wa mafulashi unali utabwela wokha, uli phee pamalo pake ngati sunachokepo. Ndinauyatsa, ndinasunga, ndinatsegula fayilo kuti ndione ndi maso, ndinayambitsa kumanga, ndinatsegulanso fayilo kuti ndione ngati ukadalipo. Unalipo. Ndinasiya kompyuta ikulila, ndinakhoma shopu.

Kunyumba akazi anga anali atamva kale, mlongo wanga anali atawaimbila. Anandiikila madzi osamba, kenako anati, "Akuti munawanena iwe."

"Anayamba ndi iwo."

"Makina aja analakwitsa ndani?"

Ndinanyamula madzi aja, ndipo iwo anaseka pang'ono m'mphuno, kuseka kumene ndimadana nako kuposa kutukwanidwa.

Chimene chinandivuta sichinali kenelo, chinali kapelekedwe kake. Fulashi sindikanatha kugwilitsa nchito, popeza ndiyo makina sanali kuiona, ndipo makina akale aja sadziwa kuyakila pafulashi. Kenelo yakale, imene ikanandipulumutsa, ndinaifafaniza ndekha. Otsala anali ma CD, ndipo oyenda anali atatu. Makina asanu ndi anayi anafunika kutsegulidwa imodzi imodzi, kulumikiza CD yoyenda, kukopela, kuchotsa, kutseka. Munthu mmodzi sakanamaliza dzuwa lisanafike pamutu. Anthu awili akanatha. Ndipo ku Chikomeni konse munthu wachiwili wodziwa kulemba lamulo pakompyuta anali mmodzi yekha, yemwenso anali ndi kiyi ya chipinda.

M'mawa mwake ndinafika kushopu amayi a tomato asanayale pamsika. Magetsi sanazime, kenelo inali itatuluka. Ndinakoka kompyuta ya pansi pa tebulo ija, ndinaipukuta, ndinaikamo kenelo, ndinabaya fulashi yanga. Inaoneka. Ndinabaya ina yakale yothyoka chivindikilo, inaonekanso. Ndinawotcha ma CD awili, ndinamasula chowelengela CD cha m'kompyuta yanga ya mushopu kuti chikhale chachinayi, ndinatenga masikuludilaiva awili, ndinamanga zonse pakaliyala.

Nyumba ya alamu ili m'mzele wa nyumba za aphunzitsi, kuseli kwa bwalo la mpila. Mlongo wanga anali kusesa pakhomo. Anandiona, anaimika tsache.

"Mwawuka uli, achimwene?"

"Tawuka. Aitane amuna ako."

"Mwabwela kudzamenyana?"

"Ndikanabwela kudzamenyana sindikananyamula katundu."

Alamu anatuluka atavala malaya a mpila ndi patapata, nkhope ili gwa. Sanandipatse moni, inenso sindinawapatse.

"Fulashi zanu ndi zabwino," ndinatelo. "Pali mzele umene ndinazimitsa. Unali kukana, ndinaukakamiza. Wa mafulashi unatsamila pamenepo."

"Ndiye munalakwitsa ndinu."

"Ndanena kale. Mufuna ndilembe pabolodi?"

"Dzulo munandinena iwe pamaso pa ana anga a sukulu."

"Inu munandinena wa mawailesi pamaso pa ana omwewo. Mawailesi amenewo ndiwo analipila sukulu ya akazi anuwa." Mlongo wanga anayambanso kusesa, mwamphamvu, fumbi likubwela kwa ife tonse awili. "Za dzulo tidzakamba, sindinaiwale ndipo sindiiwala. Manje tengani kiyi. Makina naini afunika kutsegula, ndipo ndekha sindimaliza."

Anayang'ana sikuludilaiva imene ndinawatambasulila. "Sindinatsegulepo kompyuta."

"Ndidziwa. Boma lonse lidziwa. Masikulu ndi awili kumbuyo, siluma."

Analowa m'nyumba, ndipo ndinaima panja nthawi yokwanila kuganiza kuti sabwelanso. Anatuluka atavala nsapato, kiyi ili m'manja. Sikuludilaiva anailanda osandiyang'ana.

M'chipinda muja tinayamba ndi makina atatu a ma CD oyenda. Yoyamba itayaka ndi kenelo yatsopano sindinabaye fulashi ndine. Ndinaloza kabati, anatulutsa yawo ija anali kuigwedeza dzulo, anaibaya okha. Kanyali kanayaka, kanaphethila, ndipo pagalasi panatseguka zenela la mafayilo awo. Ndinatembenuza kompyuta yachinayi, ndinawaonetsa masikulu awili aja ndi lamba wofunika kusolola, ndinawauza kuti akathyola phini ngakhale imodzi ndikauza ahedi kuti ndi iwo. Kenako ndinakokela mpando kukompyuta yachisanu, ndinawafulatila, ndinayamba kumasula.